Mfuti Imene Inawakanika aBobini

Achimwene anga amakonza mashini osokera. Mumsewu wakumsika uja mukangoti aBobini, ngakhale mwana wa dzulodzuloli akulozerani kachipinda kachitatu kuchokera pa sitolo ya mapaipi, kamene chitseko chake chimachirikizidwa ndi njerwa chifukwa mahinjesi anatha kalekale. Munthu wokonza za eni, koma chitseko chake ayi. Ndawanenera mpaka ndatopa.

Mkatimo ndi mothina, anthu awiri sangadutsane. Pa alumali pali mitu ya mashini akufa imene eni ake anaisiya osabweranso, m'zitini za mkaka muli masipiringi ndi timawilo, ndipo fungo la palafini limakulowa m'zovala mpaka ukafike nalo kunyumba. Pakati pali tebulo, patebulopo nsalu yoyera. Nsalu imeneyo ndiye ofesi yawo. Telala akabwera akudandaula kuti mashini ake akudula ulusi, achimwene samuyankha. Amayamba apukusa wilo pang'onopang'ono, khutu lili pafupi, kumvera pamene pakulira molakwika, kenako n'kuyamba kumasula. Kachitsulo kalikonse kamagonekedwa pansalupo motsatana kuyambira kumanzere, koyamba kutuluka ndiko komaliza kubwerera. Ukangosunthapo kamodzi, ngakhale mwangozi ndi chigongono, tsiku limenelo simulankhulana.

Ine ndine mlongo wawo, amene ndinawaponda pamutu. Ndimaluka tsitsi, ndipo anthu amati pakamwa panga m'pakuthwa. Sindikana. M'banja mwathu mawu onse anandisiyira ine: abambo sankalankhula, amayi ankameza, achimwene anatengera onse awiri.

Abambo athu pa unyamata wawo anali munthu wa mfuti. Alimi a kunja kwa tauni ankawatumizira uthenga nguluwe zikayamba kufukula minda, iwo n'kupita masiku awiri kapena atatu, kubwerako ndi nyama. Mfutiyo inali yaitali, yakale, yolowa chipolopolo chimodzichimodzi, yokhala ndi chitsulo cha pambali chimene umakoka potsegula n'kukankha potseka. Akamaipukuta pakhonde, amayi ankawagwirira tizitsulo m'manja kuti tisagwere m'fumbi, achimwene ali chilili pambali, maso ali dwii. "Ukadzakula," abambo ankatero.

Kukula anakuladi, koma anakulira kwina. Ali ndi zaka khumi, zisanu ndi chimodzi anasiya sukulu n'kukadziphatika kwa mkulu wina wokonza mashini kumsika. Abambo atamva anangoti, "Mwana wa mlenje kukagwira singano," n'kupitiriza kudya. Ananena kamodzi kokha, mwinanso moseka, koma mawu ena amakhala ngati munga wothyokera m'phazi.

Patapita zaka zitatu tinataya mzime wathu, mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi. Abambo anamutuma fodya kutsidya kwa msewu, lole n'kumugunda pobwerera, ndudu zili m'manja. Sindifuna kukhalitsa pamenepa, mpaka lero pamandiwawa. Chimene ndinganene n'chakuti abambo sanasutenso, sanapitenso kunguluwe, ndipo patatha miyezi ingapo mfuti ija inakulungidwa m'chijasi chamvula n'kukwezedwa pamwamba pa wadiropu. Iwo anapeza ntchito yotsegula geti pa kampani yocheka matabwa, ndipo anaigwira mpaka miyendo itakana.

Tsiku lina achimwene, poona kuti mvula yadutsa kawiri mfuti ili chikulungire, anati, "Abambo, bwanji ndiitsitse ndiithire mafuta? Idyeka ndi dzimbiri."

Abambo anaimirira. Ndinalipo, ndinaona ndi maso angawa. Anati, "Iwe usadzaikhudze mfuti imeneyo. Wina aliyense, koma osati iwe."

Ndipo sankaseka. Chaka chimene tinkasintha malata a nyumba, wadiropu anafunika kusunthidwa. Abambo anaitana mwamuna wanga, munthu amene ngakhale babu yamagetsi ikapsa amachita kuitanira anthu, kuti ndiye atsitse mfutiyo. Achimwene anali pomwepo, manja ali m'matumba. Ine ndinapsa mtima, ndinafuna kulankhula, amayi n'kundiponda phazi.

Choncho achimwene anakhala zaka pafupifupi makumi atatu akudziwa chinthu chimodzi: kuti bambo wawo amaona manja awo ngati osakwana kugwira chinthu chachimuna. Sanadandaulepo kwa munthu. Anakwatira, anabereka ana aakazi awiri, anawaphunzitsa sukulu ndi timashini ta eni tomweto. Mkulu amene anawaphunzitsa ntchito atamwalira, kachipinda kaja kanatsalira iwo, ndipo matelala ankabwera ndi mashini pamutu kuchokera kutali, kudumpha okonza ena atatu panjira. Loweruka lililonse masana ankatseka n'kupita kwa makolo, kukakhala ndi abambo pakhonde. "Ntchito ikuyenda?" "Ikuyenda." Basi, nkhani yatha, ola lathunthu anthu awiri akuyang'ana msewu. M'nyumbamo munalibe chinthu chimene achimwene sanachikonze: wotchi ya pakhoma, wailesi, loko wa chitseko, ngakhale magalasi a abambo omwe atathyoka mwendo. Abambo ankalandira chinthucho, n'kuchitembenuza uku ndi uku, n'kungoti "Mhm." Ndikanakhala ine bwenzi nditasiya kalekale, koma ine ndinabadwa ndi mtima wina.

Abambo anamwalira chaka chatha m'nyengo yozizira, atadwala sabata imodzi yokha. Titangomaliza za maliro kunabwera kalata yakupolisi: mwini chiphaso cha mfuti wamwalira, ndiye mfutiyo iperekedwe pasanathe masiku makumi atatu, pokhapokha wina wa m'banjamo atapempha chiphaso chakechake. Achimwene chiphaso sakanachipeza. Maso awo ayamba kuchita nkhungu, ulusi amalowetsa m'singano mongopapasa, ndipo adokotala anawauza kale kuti zaka zogwira ntchito zatsala zowerengeka. Ine ndinati, "Tiyeni tikaipereke mawa lomwe, itichoke." Iwo anati ayi.

Anapita okha kukaonana ndi wapolisi wosunga mifuti, bambo wonenepa wanthabwala amene mkazi wake ndi telala, kasitomala wa achimwene wakalekale. Anagwirizana zoti achimwene aikonze, ndipo tsiku lokaipereka, ikakhala kuti ili bwino, apite nayo kuseri kumene apolisi amayesererako kuwombera, achimwene awombe kamodzi, kenako ikadulidwe pamodzi ndi zinzake.

"Kamodzi kokha," anandiuza atabwerako. "Ndiimve ikulira itakonzedwa ndi manja angawa. Akatero aidule."

Ndinawayankha zachipongwe, ndisaname. Ndinati munthu amene mukufuna kumuonetsayo ali m'manda, aona bwanji? Anangovula magalasi n'kumapukuta ndi malaya. Ndinadziona kupusa.

Anaitsitsa okha pa wadiropu paja, amayi ali kuchipinda kwawo atadzitsekera. Chijasi chamvula chinali chitamatirira kumtengo wa mfutiyo, chinachita kusendedwa. Atafika nayo pa nsalu yoyera ija, chitsulo cha pambali chinakana kusuntha, chili gwa. Wowotcherera zitsulo woyandikana nawo anabwera ndi hamala, akuti kamodzi kokha chitseguka. Achimwene anamuthokoza n'kumuperekeza pakhomo. Iwo anayamba kudonthezera palafini m'mphepete mwa chitsulocho, m'mawa, masana ndi poweruka, n'kumagogoda pang'onopang'ono ndi kachipika ka mtengo. Masiku asanu ndi limodzi, abale! Mashini a anthu ali mbwee pansi, matelala akubwera kudzakalipa, iwo ali ndi kabotolo ka palafini ngati akumwetsa wodwala. Mlamu wanga anafika mpaka pamene ndimalukira tsitsi kudzadandaula kuti mwamuna wake wapeza mkazi wachiwiri, wachitsulo. Ndikawafulumiza ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri chitsulo chinatembenuka. Ndinali nditawabweretsera tiyi, ndiye ndinamva ndekha kulira kwake chikubwerera m'mbuyo, khweee. Achimwene anasuzumira mkati, kenako anati, "Iwe, tuluka kaye panja."

"Chifukwa?"

"Muli chipolopolo."

Mayo ine! Zaka zonsezo ife tikulowa ndi kutuluka, adzukulu akusewera chibisalirano m'chipinda chomwecho, pamwamba pa mitu yawo pali mfuti yodzaza. Ndinawanenera abambo mawu oipa ali m'manda, Mulungu andikhululukire. Panja sindinatuluke, ndinangoima pakhomo.

Chipolopolocho chinayenera kutuluka chokha chitsulo chikamabwerera, chifukwa kunsonga kwa chitsulocho kumakhala kachala kamene kamachikola m'mphepete n'kuchikokera kunja. Achimwene anandionetsa: kachalako kanali kothyoka, ndipo m'mphepete mwa chipolopolomo munali mobenthuka. "Wina anakoka ndi mphamvu zake zonse," anatero. "Osati kamodzi."

Anasamutsira ntchito kuseri kwa kachipinda, kumene sikudutsa anthu, kukamwa kwa mfuti atakulozetsa mu mgolo wodzaza mchenga. Anapinda kachitsulo ka mashini akufa n'kupanga kangowe, n'kumadonthezera mafuta, kukola, kusiya, kudonthezanso. Masiku ena anayi anathera pamenepo. Ine ndinkaima patali ndikuwakalipira kuti mufera chinthu chopita kukadulidwa. Potsiriza chinatuluka, chobiriwira ndi dzimbiri, n'kugwera pansalu popanda phokoso.

Kumbuyo kwa chipolopolo kuli kadiso kamene kamsomali ka mfuti kamamenyapo kuti onga uyake. Pa kadisopo panali kachipsera kakang'ono, kosaya. Achimwene anakapapasa ndi chikhadabo. "Inakhethemulidwa iyi," anatero, "koma kamsomali sikanafike bwino. N'chifukwa chake abambo anaisiya. Inawakana pamaso pa nguluwe, manyazi n'kuwagwira." Anaseka pang'ono. Aka kanali koyamba kuwaona akuseka chimwalirireni abambo. Matenda a mfutiyo anali atawapeza: kamsomali kafupika. Anatenga chitsulo chonyamula singano cha mashini akale, cholimba kwambiri, n'kuyamba kupala kamsomali katsopano ndi tupa, kuyeza, kupala, kuyezanso, nkhope ili pafupi penipeni ndi vaisi yopanira chitsulocho chifukwa cha maso aja. Kachala katsopano anapanganso. Patatsala masiku atatu kuti tsiku lokaipereka likwane, zonse zinali pansalu, zikuwala, zikungodikira kumangidwa.

Tsiku limenelo ndinapitako masana. Ndinawapeza atakhala pampando, kamsomali kakale kali kudzanja lina, chitsulo chachikulu chija kudzanja lina. Anali atazitsuka, mafuta akale ouma aja onse atachoka. Tiyi wa m'mawa anali chikhalire, atazizira.

"Tabwera," anatero. "Gwira apa."

Ndinagwira kunsonga kwa kamsomali. Ine ndinangomva chitsulo basi.

"Chitsulo chikatha chokha chimakhala chosalala, chozungulira. Aka n'kaphwatalala, ndipo kali ndi mizere. Kanachita kupalidwa ndi tupa. Taona pano pamene kamasuzumira, tupa anakanda ndi chitsulo chachikulu chomwe. Wopalayo sanali mmisiri, ankanjenjemera." Anayendetsa chikhadabo pamizerepo kangapo, maso atatsinzina. "Ndipo mizereyi yapendekera kolakwika. Ili ndi dzanja lamanzere."

Tinayang'anana. M'nyumba mwathu wamanzere anali mmodzi yekha, ndipo masaya athu ankalidziwa bwino dzanja limenelo.

Achimwene anatseka kachipinda dzuwa lili pamutu, chinthu chimene sachita pakati pa sabata. Amayi tinawapeza kuchipinda kwawo akupinda zovala za abambo, zomwezo zimene akhala akupinda n'kufunyululanso chichitikireni maliro. Achimwene anakhala pansi pafupi ndi bedi, n'kuika kamsomali pa bulangeti, pambali pake chipolopolo. Amayi anayang'ana kamsomali kaja osadabwa. Koma ataona chipolopolo anachitola, anachiyandikitsa kumaso, chala chawo n'kupeza kachipsera kaja.

"Ichi chinali mkati?"

"Chinali mkati, amayi."

"Ndiye kuti anayesadi," anatero motsitsa mawu, n'kuchibwezera pa bulangeti.

Anaika manja pa malaya a abambo. Atayamba kulankhula sankayang'ana aliyense wa ife.

"Mwana uja atapita, bambo anu anayamba kukhala ndi mfuti pamiyendo. Osaipukuta ayi, kungokhala nayo. Ndikalowa ankaiika pansi. Ndikanauza ndani? Abale awo akanati ndikuwanenera zamisala. Ndikanaibisa akanandiopseza mpaka ndiitulutse. Ndiye tsiku lina atapita kumanda kwa mwanayo, ndinatenga tupa m'bokosi mwako iwe, pansi pa bedi lako. Tizitsulo timeneti ndinali nditawagwirira zaka makumi awiri, ndinkadziwa kamene kamaluma. Ndinapala ndikulira mpaka zala zinachita matuza, n'kubwezera zonse monga zinalili."

Kenako anapitiriza.

"Lamulungu lotsatira tonse tinapita kutchalitchi, iwo anatsala akuti mutu ukuwawa. Pobwerako ndinawapeza atakhala pabedi pano, chikhatho chikuchucha magazi, mfuti itakulungidwa kale pamwamba paja. Anandipempha madzi akumwa. Ndinawapatsa, n'kuwamanga chikhathocho ndi kansalu. Sindinafunse, iwonso sananene. Ndinkadziuza kuti mwina anangodzicheka poikulunga. Zaka zonsezi tagona bedi limodzi, nkhani imeneyi ili pakati pathu."

Pamenepo ndinamvetsa za kachala kothyoka kaja. Abambo sanaleke mfuti itawakana. Anafuna kuchotsa chipolopolocho kuti alowetse china, anakoka, anakokanso, mpaka chitsulo chinawang'amba dzanja. Ife nthawi imeneyo tinali kuimba nyimbo kutchalitchi. Ndinakhala pansi pambali pa achimwene.

Achimwene ndiwo analankhula, mawu akutuluka aang'ono ngati a mwana. "Nanga ine ndinalakwa chiyani, amayi? Bwanji ankalola aliyense kupatula ine?"

Amayi anawayang'ana tsopano. "Iwe? Ukukumbuka tsiku limene unakonza wotchi ya pakhoma, imene anthu atatu anailephera? Utachoka, bambo ako anaima pansi pa wotchiyo nthawi yaitali akuimvera. Kenako anandiuza kuti, 'Mwana uyu asadzaikhudze mfuti ija. Ena angoona dzimbiri, koma uyu akangoitsegula adziwa zonse. M'manja mwake simubisika kanthu.'"

"Anatero?"

"Anatero."

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndikanakuuza ukanandifunsa kuti zonse zake ziti."

Achimwene anavula magalasi n'kuwaika pansi. "Nenaninso, amayi."

Amayi ananenanso, mawu omwewo, osasintha ngakhale limodzi. Bambo wa zaka makumi asanu, wa imvi, wa ana akuluakulu, anaika nkhope pa maondo a mayi ake n'kulira mokweza, kulira kumene sanalire pamaliro. Ine ndinalira ndi ukali. Ndinakwiyira abambo posunga mawu amenewo, ndinakwiyira amayi powameza, ndinakwiyiranso achimwene posafunsa. Mawu ochepa chonchi, oti munthu akanawanena akumanga nsapato, mwana wawo n'kukhala wina. Koma abambo akanawanena bwanji osaulula chimene ankaopa kuti mwanayo achiona? Ndimaganiza zimenezi mpaka mutu kuwawa, ndipo sindipeza woti ndimuweruze.

M'mawa wa tsiku lokaipereka ndinapita kukachipinda kuja kuti ndiwaperekeze. Mfuti inali itamangidwa kale, yopukutidwa, mtengo wake ukuwala. Koma pansalu yoyera panatsala tizitsulo tiwiri, kamsomali katsopano ndi kachala katsopano.

"Mwaiwala awa," ndinatero.

"Sindinaiwale. Ndabwezeramo akale."

"Koma inu! Masiku onse aja mukupala, maso akutuluka misozi?"

Anatola tizitsuloto n'kutiponya m'chitini cha masipiringi. "Phokoso limene ndakhala ndikulifuna ndi lomwe likanatitengera abambo. Amayi analitseka pakamwa ndi manja awo, ine ndikalitsegule? Sindikufunanso kulimva."

Tinayenda wapansi, mfuti itakulungidwa m'nsalu, chipolopolo chili m'kabotolo. Kupolisiko tinalowa m'chipinda chachitali chokhala ndi kauntala yamatabwa ndi mabenchi awiri. Munali wosunga mifuti uja, apolisi ena awiri achinyamata, ndi anthu angapo odikira zawo. Atangotiona, wonenepa uja anakweza manja.

"Aha, aBobini! Ndakusungirani zipolopolo ziwiri, mwina choyamba muphonya. Tiyeni kuseri."

"Ayi, bwana," achimwene anatero. "Yandikanika."

"Yakukanikani? Inu?" Anaifunyulula, anakoka chitsulo cha pambali, chinabwera chokha mosakhuluza, anachikankha, chinatseka bwinobwino. "Komatu ikuyenda ngati yatsopano iyi."

"Kuyenda ikuyenda, koma siwomba. Ndayesa zonse zimene ndikudziwa."

Wapolisiyo anatsanulira chipolopolo m'dzanja lake, anachitembenuza, n'kuona kachipsera kaja. "Wina anayesapo apa."

"Abambo, kalekale. Inali nguluwe."

"Ha! Nguluwe yamwayi imeneyo."

Mmodzi wa achinyamata aja anaseka. "Mfuti si mashini osokera, madala. Bwererani ku singano, izi n'za amuna." Anzake anaseka, anthu a pabenchi anasekanso, ngakhale wonenepa uja anapukusa mutu akumwetulira. Ine magazi anandikwera kumutu. Ndinkadziwa chimene chinali m'chitini cha masipiringi, ndinkadziwa kuti mphindi khumi zokha zikanakwana kuti mfuti imeneyo igwedeze malata a chipinda chonsecho. Ndinatsegula pakamwa. Achimwene anandigwira pamkono n'kufinya, mwamphamvu, ndi zala zawo zolimba zija, osandiyang'ana n'komwe.

"Zoona, mwana wanga," anamuyankha mnyamatayo. "Aliyense ndi ntchito yake."

Wosunga mifuti anatsegula buku lalikulu, analemba kuti mfutiyo ndi yakufa, wokonza wailephera, n'kulozera posayina. Achimwene anandisiya mkono, anawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza pepala, n'kusayina pansi pa mawu amenewo. Mfuti inalowa kuchipinda chamkati, chitseko chachitsulo n'kutsekedwa. Titatuluka, iwo anapita kwa matelala amene ankawadikira, ine kwa makasitomala anga. Pamkono panga zidindo za zala zawo zinakhala masiku atatu.